Galimoto ikamamwa dizilo, musathamangire kumasula pampu

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za mbewu ndi feteleza, tikambe za galimoto. Ambiri a inu amene mwagulitsa bwino fodya, soya ndi mtedza zaka zapitazi mwagula galimoto zakale za dizilo zochokera ku Japan. Pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Waliranji ngakhale ku Mkanda simungalephere kuona ma Pajero, ma Hilux Surf ndi ma Isuzu Bighorn atasenza matumba. Zambiri mwa izo ndi za otomatiki, zija zosintha zokha magiya, ndipo dandaulo la eni ake ndi limodzi: ikumwa mafuta.

Inenso ndili nayo yotere, ya 1996, ya injini ya malita 3, imene ndimayendera makalabu a alimi m'boma lino la Mchinji. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza dizilo kufika pa K2,734 pa lita, ndipo mu 2025 mtengowo unakweranso. Kale ndinkangoti "thirani wa K20,000" n'kumapita. Koma pofika mu Juni 2024 ndinaona kuti ndalama imene alimi amandipatsa ya ulangizi ikuthera m'thanki.

Choyamba ndinayeza, ndipo inunso muyambire pomwepo. Kamuvi ka mafuta ka galimoto yakale musakakhulupirire. Dzazani thanki mpaka pampu ya pa siteshoni itadula yokha, mulembe makilomita amene galimoto ikuonetsa. Yendani maulendo anu a masiku onse, kenaka mukadzazenso pamalo omwewo. Makilomita amene mwayenda muwagawe ndi malita amene alowa kachiwiriwo. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu. Yanga inapezeka kuti ikuyenda makilomita 7 okha pa lita, pamene itangobwera kumene inkafika 10.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pa boma pa Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, kupita ndi kubwera 220. Pa makilomita 10 pa lita, ulendowo umafuna malita 22. Pa makilomita 7, malita 31 ndi kadontho. Malita 9 owonjezerawo, pa mtengo wa nthawi imeneyo, anali pafupifupi K25,000 pa ulendo umodzi. Mlimi wopita kanayi ku okushoni ku Kanengo wataya K100,000 asanalipire ngakhale waganyu mmodzi wosankha fodya.

Makaniko woyamba amene ndinamuonetsa sanatsegule n'komwe boneti. Anangoti pampu ya dizilo yatha, timasule titumize ku Lilongwe. Mtengo umene anatchula unandithetsa mawu, choncho ndinapita kwa mkulu wina amene wakhala akukonza mathirakitala a m'maesiteti kuyambira ine ndisanabadwe. Iyeyu anati tikwere, tiyende kaye. Unali mmawa, kukuzizira monga mudziwira Juni wa kuno.

Titayenda makilomita khumi pa tala, analoza kamuvi koonetsa kutentha kwa injini.

"Alangizi, kamuvi aka kamakhala pamenepa masiku onse?"

"Eya, bambo. Galimotoyi siitentha ayi," ndinayankha monyadira.

"Ndiye vuto lanu ndi limenelo. Wina anakuchotserani themositati."

Themositati ndi kachipangizo kakang'ono, kokwana m'dzanja, kamene kamakhala pa njira ya madzi ochoka mu injini kupita ku rediyeta. Injini ikazizira kamatseka njirayo kuti madzi atenthe msanga, ndipo kamatsegula madziwo akafika pafupifupi madigiri 80. Amakaniko ambiri a m'mbali mwa msewu amakachotsa, ati ndi ka mayiko ozizira, kuno sikafunika. Uku n'kulakwa. Injini ya dizilo imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, choncho ikamayenda yozizira mafuta sapsa bwino, komanso oyilo amakhala wolimba n'kumailemetsa.

Koma pa otomatiki pali china choposa apa, chimene ineyo ndi digiri yanga ya zaulimi sindinkachidziwa. Galimoto ya manyuwale ili ndi kilatchi yogwirana molimba. Ya otomatiki ilibe. M'malo mwake muli chiwiya chodzaza ndi oyilo, chokhala ndi mapiko awiri oyang'anizana. Injini imazunguza phiko limodzi, ilo limakankha oyilo, oyiloyo n'kuzunguza linzake lopita ku mateyala. Pamenepa mphamvu ina imatayika, imasanduka kutentha. Pofuna kuchepetsa kutayikako, galimoto ikathamanga bwino pa msewu wosalala giyabokosi imalowa giya yomaliza, kenaka imamanga mapiko awiri aja kuti azizungulira ngati chinthu chimodzi. Tsono pa galimoto zambiri za zaka za m'ma 1990, kakompyuta ka giyabokosi sikalola zimenezi mpaka madzi a injini atatentha mokwanira. Popanda themositati, mmawa wozizira, mukhoza kuchoka ku Mchinji mpaka kudutsa Namitete galimoto ili pa giya yachitatu, injini ikulira, dizilo akupita.

Mungadziyesere nokha. Pa tala, pa liwiro la makilomita 80, yang'anani kamuvi koonetsa kuzungulira kwa injini. Giya yomaliza ikalowa kamatsika, ndipo mapiko akamangana kamatsikanso pang'ono. Zikatero, mukaponda mafuta pang'ono kamuviko sikalumpha, kamakwera limodzi ndi liwiro. Ngati kakulumpha nthawi zonse, mapiko sakumangana.

Tinaika themositati yatsopano, ya mtengo wosafika ngakhale pa mafuta a maulendo awiri a ku Lilongwe. Mkuluyo anatsukanso rediyeta, chifukwa anati amene anachotsa kachipangizoko ayenera kuti ankathawa kutentha kobwera ndi matope otsekamo. Apa mumvetse: ngati galimoto yanu inkawira madzi, konzani rediyeta, fani ndi pampu ya madzi musanabwezeretse themositati, mungawononge injini. Nditayezanso, ndinapeza makilomita 9 pa lita.

Kilomita yotsalayo inabwera ndi tinthu ting'onoting'ono. Eya kilina inali itatsekeka ndi fumbi la misewu ya kumidzi. Injini yosowa mpweya imatulutsa utsi wakuda, ndipo utsi wakudawo ndi dizilo amene mwalipira koma sanagwire ntchito. M'chilimwe muziiona sabata iliyonse, ndipo ya pepala musamaitsuke ndi madzi. Mateyala analinso ofewa. Mpweya woyenera walembedwa pa kachikwangwani ka pa chitseko cha dalaivala, ndipo pali nambala ina ya galimoto itasenza katundu. Buleki imodzi ya kumbuyo inkagwira yokha. Imeneyi mumaidziwa poyenda pang'ono n'kuyandikiza dzanja pa gudumu lililonse: lotentha kuposa anzake ndi lomwelo.

Onaninso kabatani ka pa ndodo ya magiya. Ngati pa dashibodi payaka mawu oti O/D OFF, mwatseka nokha giya yomaliza. N'kofunika pokwera phiri ndi katundu kapena potsika, koma pa tala wa M12 kazimitseni. Ndinakwerapo galimoto ya mlimi wina amene anayenda chaka chathunthu nyaliyo ikuyaka, iye n'kumayesa kuti ndi chizindikiro choti zonse zili bwino. Chimodzimodzi magiya a mateyala anayi: mukatuluka m'matope, achotseni. Oyilo wa giyabokosi mumuyeze injini ikulira, itatentha. Akhale wofiira. Akada n'kumanunkha chopserera, pitani kwa wodziwa ma otomatiki, osati aliyense wokhala ndi sipanala.

Pali khalidwe lina limene ndimaliona pa misika yathu. Galimoto ya otomatiki siilira poikankha, ndiye mwini wake, podziwa kuti batire ndi yofooka, amaisiya ikulira ola lathunthu akupikulitsa mtedza. M'kupita kwa nthawi, dizilo wopserera pamalo amodziyo akanagula batire. Ndipo ngati muli ndi dalaivala wolembedwa, kabuku ka malita ndi makilomita kadzakuuzaninso zina zimene makaniko sangazione. Ndisanene zambiri.

Nanga pampu ija? Nthawi zina imakhaladi yolakwa, makamaka kwa amene munagula dizilo wa m'zigubu pamene mafuta anasowa kumapeto a 2024. Wina amakhala wosakaniza ndi parafini kapena madzi. Pampu imadalira dizilo yemweyo kuti isakhulane m'kati, ndipo parafini alibe kuterera kokwanira. Zizindikiro zake ndi kuvuta kulira mmawa, kuchepa mphamvu, ndi utsi wosatha ngakhale mwasintha eya kilina. Zikatero yambani ndi fyuluta ya dizilo, kenaka mukayezetse ma injekita pa makina, pampu ikhale yomalizira.

Musayembekezere kuti otomatiki yakale ya magiya anayi idzafanana ndi manyuwale. Ngakhale ili bwinobwino imamwa moposerapo, makamaka m'misewu yafumbi momwe simuthamanga mokwanira kuti mapiko aja amangane. Yanga pa tala imayenda makilomita 10 pa lita ndikamayenda pa 80, koma ndikalowera ku Mkanda ndi matumba a mbewu imatsikira pa 8.