Mizere ya m'galasi la mfuti: yakutsogolo ndi yakumbuyo

Alenje, asilikali ndi anthu a mpikisano wowombera chandamale amamanga kampope kokhala ndi magalasi pamwamba pa mfuti zawo. M'masitolo amakatcha scope. M'phunziro lino tizingoti galasi la mfuti. Ntchito zake ndi ziwiri: kukuza chinthu chimene chili kutali, ndi kusonyeza pamene chipolopolo chikafikire. Mukasuzumiramo mumaona mizere iwiri yopingasana. Pamene yakumana ndi pamene mukuchalira.

Magalasi awiri akhoza kufanana kunja konse, koma pabokosi la lina n'kulembedwa FFP, pa linzake SFP. Zilembo zimenezi zikunena za malo amene mizere ija yaikidwa m'kati mwa kampope. Kuti timvetse, tiyambe taona momwe kuwala kumayendera.

Kuwala m'kampope

Yesani izi masana. Lowani m'chipinda cha mdima pang'ono chokhala ndi zenera limodzi. Tengani galasi lokuzira zilembo, kapena mandala owerengera a munthu wachikulire. Imani pafupi ndi khoma loyang'anizana ndi zenera, muziyandikitsa galasilo kukhoma ndi kulitalikitsa pang'onopang'ono. Pofika pena, chithunzi cha zenera ndi mitengo ya panja chioneka pakhoma, chaching'ono, chili chadodolido. Mukasuntha dzanja chizimiririka. Malo amodzi okhawo ndi amene kuwala kwasonkhana n'kupanga chithunzi chooneka bwino.

M'galasi la mfuti malo otere alipo awiri. Galasi lalikulu la kutsogolo limasonkhanitsa kuwala n'kupanga chithunzi choyamba, chadodolido chija. Pakati pa kampope pali timagalasi tina timene timachitembenuza kuti chiimirire bwino. Timagalasi tomweto ndi timene timakuza chithunzi: mukapotokola mkombero wokhala ndi manambala, timasendera kutsogolo kapena kumbuyo. Kumbuyo kwa timagalasiti kumapangika chithunzi chachiwiri, ndipo ndi chimenechi chimene diso lanu limaona kudzera m'galasi lomaliza.

Mizere yochalira imaoneka bwino ikakhala pa malo awiri okhawa. Zoti mzere umaoneka bwino pamalo posonkhana kuwala anazitulukira William Gascoigne, katswiri wa nyenyezi wa ku England, cha m'ma 1640. Kangaude anadutsitsa ulusi wake m'kati mwa choonera nyenyezi chake, pamalo penipeni posonkhana kuwala, ndipo ulusiwo unaoneka bwinobwino pamodzi ndi zinthu zakutali. Wopanga galasi la mfuti amasankha pakati pa malo awiri aja. Akaika mizere pa chithunzi choyamba, kutsogolo kwa timagalasi tokuza, ndiye FFP. Akaiika pa chithunzi chachiwiri, pafupi ndi diso, ndiye SFP.

Chimene chimachitika mukakuza

Ganizani za chithunzi cha pa foni chimene mukuchikuza ndi zala ziwiri. Munthu waima pafupi ndi mtengo. Akamakula, mtengonso ukukula naye, chifukwa zonse zili m'chithunzi momwemo. Koma mng'alu wa pagalasi la foni sukula, umangokhala momwe unalili. Mizere yakutsogolo ili ngati mtengo uja. Yakumbuyo ili ngati mng'alu.

Choncho pa FFP, nyama ikakula kanayi, mizerenso imakula kanayi. Pa SFP nyama imakula, mizere osasintha. Ena amaganiza kuti mzere wa FFP ukanenepa umabisa mbali yaikulu ya nyama. Si choncho. Ngati unkabisa sentimita imodzi ya chandamale, ukubisabe sentimita imodzi yomweyo, chifukwa zakulira limodzi.

Dziwaninso kuti pa galasi lopangidwa bwino, pakati pa mizere pamalozabe malo omwewo, kaya mwakuza kwambiri kaya pang'ono. Izi zili choncho pa mitundu yonse iwiri. Nkhani yonse yagona pa timizere ting'onoting'ono timene timakhala m'munsi ndi m'mbali mwa pakatipo.

Timizere toyezera

Chipolopolo sichiyenda mowongoka. Chikangotuluka mumpope chimayamba kutsika chifukwa dziko limachikoka, ndipo mphepo imachikankhira kumbali. Wowombera patali ayenera kuchalira pamwamba pang'ono pa chandamale. Timizere tija ndi timene timamuuza kuti akweze bwanji.

Muyeso wotchuka wa timizereti umatchedwa mil. Mil imodzi imaimira masentimita 10 pa mtunda wa mamita 100, masentimita 30 pa mamita 300, ndi mita yathunthu pa mamita 1,000. Muyeso wina, wokondedwa kwambiri ku America, ndi MOA, umene uli pafupifupi masentimita 3 pa mamita 100.

Pa FFP, muyeso umenewu susintha ngakhale mupotokole bwanji. Pa SFP umakhala wolondola pa nambala imodzi yokha, imene kawirikawiri imakhala yaikulu kwambiri pa galasilo. Apa mpofunika kudekha, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaphonyera.

Tiyerekeze kuti galasi la SFP lalembedwa 3-12x, kutanthauza kuti limakuza kuyambira katatu mpaka ka 12, ndipo timizere take timalondola pa 12. Tiyerekezenso kuti chipolopolo chimatsika masentimita 30 pa mamita 300. Imeneyo ndi mil imodzi. Mlenje aika kamzere koyamba ka m'munsi pa chandamale, ndipo alasa. Tsiku lina watsitsa galasi kufika pa 6 kuti aziona malo aakulu, n'kuiwala kubweza. Chithunzi chachepa ndi theka, mizere ili momwemo. Tsopano kamzere kamodzi kakuimira mamil awiri, amene ndi masentimita 60. Chipolopolo chake chidzadutsa masentimita 30 pamwamba pa malo amene amafuna.

Papepala la chandamale kumeneko ndi kuphonya chabe. Pa nyama yamoyo, masentimita 30 akhoza kukhala bala la pamsana m'malo mwa pamtima. Nyamayo ithawa, ikavutika masiku ambiri m'tchire. Ikakhala njati kapena mvuu, munthu wina amene sanawombere n'komwe ndi amene adzakumane nayo panjira ili yolusa. Ichi ndi chifukwa chachikulu chodziwira galasi limene munthu wanyamula.

Timizere tomweto timayezanso mtunda. Mukadziwa kutalika kwa chinthu m'mamita, chulukitsani ndi 1,000, kenaka mugawe ndi mamil amene chinthucho chadzaza. Chitseko cha mamita awiri chikadzaza mamil 5, ndiye 2,000 kugawa ndi 5. Chili pa mamita 400. Wa FFP awerengera pa nambala iliyonse. Wa SFP ayambe wapotokola kufika pa nambala yolondola ija.

Nanga labwino ndi liti?

Mwina mwayamba kuganiza kuti FFP ndiye mfumu. Lili ndi vuto lake. Mukatsitsa kufika pa nambala yaing'ono, mizere imawonda kwambiri. M'nkhalango yowirira, m'bandakucha kapena chisisira chitagwa, diso limavutika kuipeza, pamene nthawi zimenezo ndi zimene nyama zimayenda. Opanga amathana nalo poika kanyali kofiira ka batire kowalitsa mizere, kapena ponenepetsa mizere ya m'mbali. Mtengo wake nthawi zambiri umakhalanso wokwererapo, chifukwa timizere tofunika kukuzidwa tiyenera kulembedwa pagalasi mosamala kwambiri.

Alenje a ku Germany ndi Austria, kwawo kwa makampani monga Zeiss, Swarovski ndi Kahles, anakhala zaka zambiri akugwiritsa ntchito mizere yakutsogolo, koma yonenepa kwambiri. Ankadikirira nguluwe chisisira ndi pa mwezi, ndipo mzere wonenepa womakulirakulira unkaoneka mumdima. Ku America anazolowera mizere yakumbuyo. Kampani ya Leupold ya ku Oregon inatulutsa mu 1962 mizere yotchedwa Duplex, yonenepa m'mbali ndi yowonda pakati, imene makampani ambiri anatengera. Ilibe timizere towerengera. Munthu amangoika pakati pa nyama n'kuwombera.

Ndiye funso loyamba lodzifunsa ndi ili: kodi ndidzawerengadi timizere, kapena ndizingochalira ndi pakati? Wowombera pa mitunda yaitali yosinthasintha, amene akulimbana ndi mphepo ndipo alibe nthawi yochita masamu, FFP imamuthandiza kwambiri. Koma ine ndikuona kuti mlenje wowombera mosapitirira mamita 200 sapindula nalo kwenikweni. Pa mtunda umenewo chipolopolo cha mfuti yaikulu yosakira nyama chimakhala chisanatsike kwambiri, ndipo chimene akufuna ndi mizere yooneka msanga nyama ikangotulukira. SFP imukwanira, ndipo ndalama zotsalazo angazigwiritse ntchito bwino pogula zipolopolo zophunzirira. Wowombera kachandamale kakang'ono pa mtunda umodzi wodziwika nayenso amakonda SFP, chifukwa akakuza kwambiri mzere umakhalabe wowonda, subisa kadontho.

Palinso magalasi osapotokola, olembedwa nambala imodzi monga 4x kapena 6x. Pa amenewa funsoli palibe, popeza chithunzi sichisintha kukula.

Galasi lililonse limakuza maonekedwe okha. Nyama ya pa mamita 400 ikaoneka ngati ili pafupi, chipolopolo chiyendabe mamita 400 onse, mphepo ikuchikankha. Galasilo limachepetsanso malo amene diso likuona, moti munthu kapena ng'ombe imene ili pambali pa chandamale imatha kubisika. Choncho wowombera amayamba wayang'ana malo onse ndi maso, kapena ndi zoonera patali za m'manja. Galasi la mfuti si loonera chinthu chimene simunachizindikire, chifukwa kumene laloza ndi kumene mpope walozanso. Ku Malawi, kukhala ndi mfuti kumafuna chilolezo cha boma, ndipo kusaka nyama zakutchire kumafunanso chilolezo chake.

Zoti muchite

Werengerani pamodzi ndi mnzanu. Galasi la SFP limalondola pa 12, koma mlenje waliika pa 4. Kodi kamzere ka mil imodzi kakuimira masentimita angati pa mamita 100? Kenaka pezani mtunda wa mtengo wotalika mamita atatu umene wadzaza mamil 10 m'galasi la FFP.