Zoyenera ndi zosayenera pokagona kukasupe wa madzi otentha

Munthu amene wagwirapo ntchito pansi pa mgodi ku Nkana kapena ku Mindola amadziwa kukoma kwa madzi ofunda akatuluka pashifiti. Koma madzi a m'paipi ndi ena, madzi otumphuka okha m'nthaka ali otentha ndi enanso. Kwa ife okhala ku Kitwe ndi ku Ndola, malo odziwika oti n'kukagona pafupi ndi kasupe wotere ndi ku Kapishya, m'mapiri a chigawo cha Muchinga, m'mbali mwa mtsinje wa Mansha. Anthu amene nkhani imeneyi anaisandutsa mwambo ndi a ku Japan. Kasupe wotentha amamutcha onsen, nyumba yachikale yogona alendo amaitcha ryokan, ndipo imodzi mwa nyumbazi, Nishiyama Onsen Keiunkan ya m'mapiri a Yamanashi, yakhala ikulandira alendo kuyambira m'chaka cha 705. Madzi sangakhale osambika zaka zoposa 1,300 ngati osambamo alibe khalidwe. Zina mwa zotsatirazi ndatola kwa anthu a ku Japan, zina ndi zimene agogo athu ankachita kale padooko.

Choyenera: Dziwitsani eni malo pasadakhale, ndipo mulawirire m'bandakucha. Kuchokera ku Ndola mutsikira ku Kapiri Mposhi, n'kukhotera mumsewu wa Great North Road kudutsa ku Mkushi, ku Serenje ndi ku Mpika, kenako n'kupatukira ku Shiwa Ng'andu. Ndi mtunda woposa makilomita 600, ulendo wa tsiku lathunthu. Thirani mafuta ku Mpika. Miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chimaluma, ndi imene thupi limayamika madzi amenewa.

Chosayenera: Musayende usiku mumsewu umene malole a ku Nakonde amangondondozana. Musatulukirenso mumdima ngati mlendo wa pamaliro. Kumalo akutali chonchi chakudya amaphika powerengera anthu amene adziwitsa. Ku ryokan chakudya chamadzulo chimakhala ndi nthawi yake yoikika, ndipo kuchedwa osanena amakuona ngati kunyoza wophika.

Choyenera: Sambani kaye musanalowe m'dziwe. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ku Japan, munthu asanaponde m'madzi otentha amakhala pakampando kakang'ono, n'kudzikhula ndi sopo kuyambira kumutu mpaka kuzidendene, n'kudzitsukuluza mpaka thovu lonse lithe. Dziwelo si losambiramo litsiro ayi, ndi loviikamo thupi loyera kale. Nafenso tichite chimodzimodzi: fumbi la mumsewu, thukuta ndi mafuta odzola zitsale kubafa. Amene alowe inu mukatuluka ndi mwana wa mnzanu, ndi agogo a wina.

Chosayenera: Musalowetse sopo, musachapiremo zovala, musalavuliremo, ndipo mwana mupite naye kuchimbudzi asanalowe. Ku Japan ngakhale kathawulo kakang'ono sakalola kukhudza madzi. Amakapinda n'kukaika pamutu. Ife a ku Kitwe sitifunika wotiphunzitsa kuti madzi amaonongeka. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba n'kufa, mipopi ya mumzinda n'kutsekedwa. Amene anaona zimenezo sangataye botolo kapena thewera la mwana pakasupe amene madzi ake akutsikira mu Mansha, kumene anthu akumunsi amatunga.

Choyenera: Valani molingana ndi malo. Ku onsen zambiri anthu amalowa osavala, koma amuna kwaokha, akazi kwaokha, ndipo pakhomo pamapachikidwa nsalu, kawirikawiri yabuluu kwa amuna, yofiira kwa akazi. Izi si zachilendo kwa ife. Kumudzi dooko la amayi limakhala lake, la abambo lake, ndipo wodutsa amayamba waodira ali chapatali. Ku Kapishya dziwe ndi la onse, choncho tengani chovala chosambira, ndi chitenje chodzifunda potuluka.

Chosayenera: Ngati mwayenda ndi apongozi, musawaike pamalo ovuta. Panganani nthawi, iwo alowe m'mawa, inu madzulo. Madzi satha, koma manyazi a mkamwini amene waonedwa ndi apongozi ali chifuwa pamtunda sachoka msanga.

Choyenera: Lowani pang'onopang'ono, mapazi choyamba, ndipo pakatha mphindi 10 kapena 15 tulukani mupume, mumwe madzi ozizira. Madzi a ku Kapishya amafunda pafupifupi madigiri 40, kuposa kutentha kwa thupi. Kutentha kotere kumatanula mitsempha, magazi amathamangira kukhungu, BP imatsika, ndipo munthu akadzuka mofulumira amachita chizungulire. Amayi oyembekezera, odwala mtima ndi a BP ayambe afunsa kuchipatala. A matenda a shuga asamale kwambiri, chifukwa mapazi adzanzi samva kuti akupsa. Akasupe amasiyana ukali. Wa ku Chinyunyu, m'mbali mwa Great East Road popita kum'mawa, amatha kukuwambulani khungu pamene madzi akutumphukira, ndipo dzina loti Mawira la akasupe a ku Nkhotakota limanena lokha.

Chosayenera: Musalowe mutamwa. Ndikudziwa kuti kwa ambiri tchuthi si tchuthi popanda Mosi wozizira, koma mowa ndi madzi otentha zonse zimatsitsa BP, ndipo munthu amene wakomokera m'madzi ofika m'chiuno amamira ngati amene wagwera mu Kafue. Musamizenso mutu. M'madzi ofunda osathira mankhwala mumatha kukhala tizilombo tolowera m'mphuno, tosowa ndithu koma toopsa. Mwana wamng'ono asakhalitse, ndipo asachoke pamaso panu.

Choyenera: Lolani madziwa achite zimene amatha. Amafewetsa msana wouma ndi ntchito, amapepuza maondo, amabweretsa tulo tabwino.

Chosayenera: Musasiye mankhwala a kuchipatala poti mwakasamba kukasupe. Ndamvapo anthu akunena kuti madzi otere amatsuka matenda onse ndi minyama yomwe. Kutentha kwake si kwamatsenga: madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya miyala mpaka pansi penipeni pamene nthaka ndi yotentha, n'kubwerera kumtunda. Amene ali pa ma ARV, pamankhwala a TB kapena a shuga, anyamule mankhwala ake ndi kumwa panthawi yake. Wokhala ndi chilonda chosapola adikire kaye. Ndipo udzudzu suopa kasupe, gonani m'neti.

Choyenera: Tsitsani mawu. M'mawa nthunzi imafuka pamadzi, mbalame zikulira m'mitengo, ndipo ndi zimenezo zimene munthu wochokera kuphokoso la ku Chisokone kapena ku Masala wayendera tsiku lonse.

Chosayenera: Sipika ikhale m'galimoto, ndipo foni musailozetse kwa munthu amene akusamba. Ku onsen kujambula posambira n'koletsedwa. Chithunzi chimene inu mwaika pa Facebook mukuseka chingathe kupasula banja la munthu amene wangooneka kumbuyo kwanu.

Choyenera: Inu amene ntchito kapena maphunziro a JICA angakufikitseni ku Japan kwenikweniko, vulani nsapato pakhomo la ryokan. Pamphasa zawo zotchedwa tatami pamapondedwa ndi masokosi kapena mapazi okha, ndipo kuchimbudzi kumakhala masilipasi akeake, oti atsale komweko. Mudzapatsidwa mkanjo wopepuka wotchedwa yukata: mbali yakumanzere ikhale pamwamba pa yakumanja. Bedi musalifunefune, antchito adzakuyalirani pansi matiresi otchedwa futon.

Chosayenera: Musapititse mbali yakumanja ya yukata pamwamba, chifukwa umo ndi mmene amavekera maliro. Ngati muli ndi zojambula pakhungu, funsani musanalipire, popeza malo ambiri amakaniza anthu otere poganizira magulu a zigawenga otchedwa yakuza. Musakakamize wantchito kulandira ndalama yapamwamba. Kumeneko si mwambo. Kuno kwathu ndi zosiyana, amene wakuyalirani ndi kukuphikirani musamusiye chimanjamanja.

Choyenera: Mukakhala ku Kapishya, patulani theka la tsiku mukaone nyumba ya Shiwa Ng'andu, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakasupe. Anaimanga ndi njerwa zoumbidwa pomwepo Sir Stewart Gore-Browne, msilikali wa ku England amene pambuyo pake anaima ndi Kenneth Kaunda ndi chipani cha UNIP pomenyera ufulu. Atamwalira mu 1967, boma la Zambia linamuchitira maliro aulemu wa boma, ndipo anaikidwa paphiri pafupi ndi nyumbayo. Kumeneko ndi kwa Abemba, ndipo ife a ku Copperbelt Chibemba timachidziwa, choncho moni wa m'mawa ayambe ndi inu, ndi mukwai wake wosaiwala.

Chosayenera: Musayese kusambira m'nyanja ya Shiwa Ng'andu. Dzinalo likutanthauza nyanja ya ng'ona zachifumu, ndipo ng'onazo zilimo mpaka lero. Mumtsinje wa Mansha namonso musalowe musanafunse anthu a pamalopo kuti poyenera ndi pati. Musathyole maluwa, musalembe dzina lanu pamtengo, musasunthe miyala ya padziwe.

Abale anga a ku Kitwe ndi ku Ndola, mukamalongedza katundu wa ulendowu muikemo thumba limodzi lopanda kanthu. Mabotolo, mapepala ndi zotsala zonse mubwerere nazo, mudzataye mukafika ku Mpika.