Mwagwirizana K300,000 koma yalowa K240,000: ina yapita kuti?



Phunziro la sabata ino ndi la msonkho. Musadumphe post, dikirani kaye. Ambiri a ife tsopano tikudya za thukuta lathu. Wina ndi mphunzitsi ku Santhe, wina amajambula zithunzi pa maukwati, wina amalemba mafunso a kafukufuku wa mabungwe ku Chamama, wina amamanga sola m'maesiteti, winanso amanyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma. Tonsefe a MRA amatikhudza, kaya tikudziwa kaya ayi. Ndipo amene amaluza ndalama zambiri pa nkhaniyi si anthu olemera ayi, ndi achinyamata a maganyu amene sanauzidwepo mmene zinthu zimayendera.

Tiyambe ndi olembedwa ntchito chifukwa zawo n'zosavuta. Msonkho wawo umatchedwa PAYE. Abwana amadula okha pa malipiro mwezi ndi mwezi n'kukapereka ku MRA lisanadutse tsiku la 14 la mwezi wotsatira. Mlingo wake umasintha ndi bajeti ya boma, choncho manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi amene anayamba mu April 2024, ongophunzirira masamu. Inu mukamawerengera zanu mutenge a chaka chimene muli. Nthawi imeneyo K150,000 yoyamba pa mwezi sinkadulidwa kanthu. Kuchokera pamenepo kufika K500,000 ankadula 25 peresenti, kupitirira apo mpaka K2,550,000 ankadula 30 peresenti, ndipo pamwamba pake 35 peresenti.

Ndiye munthu wolandira K400,000 sankadulidwa 25 peresenti ya ndalama yonse. Ankachotsa kaye K150,000 ija, yotsala K250,000 ndi imene inkadulidwa, msonkho n'kukhala K62,500. Izi zikuyankha bodza lina limene limayenda kwambiri, loti "akandikweza ndilowa m'gulu la 30 peresenti, ndiye ndiziluza". Ayi ndithu. Mukachoka pa K500,000 kufika pa K520,000, 30 peresenti imagwera pa K20,000 yapamwambayo basi. Boma latenga K6,000, inu mwatsala ndi K14,000. Palibe amene anasaukapo chifukwa chokwezedwa malipiro. Komanso 5 peresenti ya penshoni imene mumaiona pa payslip si msonkho. Ndi ndalama yanu yomwe, ndipo lamulo limati abwana aziwonjezerapo 10 peresenti yawo.

Chimene wolembedwa ntchito ayenera kusamala nacho n'chimodzi: payslip. Alipo mabwana amene amadula PAYE koma osakapereka. Ngati malipiro mumangolandira pamanja kapena pa foni opanda kapepala kalikonse, mulibe umboni woti munadulidwa. Pemphani mwaulemu, koma pemphani.

Tsopano tifike pa mutu wathu uja. Tiyerekeze kuti mlongo wina wapeza ganyu ku bungwe, yomasulira mafunso kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Agwirizana K300,000. Ntchito yatha, uthenga wa ku banki wafika: K240,000. Iye wakwiya, akuti akauntanti wandibera. Nthawi zambiri sanabedwe. Lamulo limakakamiza mabungwe, makampani ndi maofesi a boma kuti akamalipira munthu amene si wantchito wawo, azidula kaye gawo lina n'kukapereka ku MRA m'dzina la munthuyo. Imeneyi ndiye withholding tax. Pa ntchito za mtundu umenewu amadula 20 peresenti, pa zonyamula katundu 10 peresenti, pogulitsa katundu 3 peresenti. Alimi a fodya amaidziwa bwino, imaoneka pa pepala la malonda pamodzi ndi zodula zina zija zimene zimawachititsa kugwira mutu.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pali ndalama. Kwa munthu wa maganyu ngati ameneyu, withholding tax si msonkho womaliza. Ili ngati chikole chimene boma lasungiratu. Msonkho weniweni umawerengedwa chaka chikatha, ndipo umawerengedwa pa phindu, osati pa ndalama yonse imene inalowa.

Tiwerengere limodzi. Mlongo uja wagwira maganyu asanu ndi atatu otere pa chaka, zonse pamodzi K2,400,000. Amudula K480,000. Koma kuti agwire ntchitozo anawononga K500,000 pa bando ya intaneti, thiransipoti ya ku Lilongwe, kupulinta ndi kukonzetsa laputopu. Phindu lake ndi K1,900,000. Gawo losadulidwa msonkho pa chaka linali K150,000 kuchulukitsa ndi miyezi 12, yomwe ndi K1,800,000. Yotsala ndi K100,000 yokha, ndipo 25 peresenti yake ndi K25,000. Mwaona? Msonkho wake weniweni ndi K25,000 koma wapereka kale K480,000. Boma lili ndi K455,000 yake.

Ndalama imeneyo siibwera yokha. Kuti aitenge, kapena kuti aisungitse idzalipire msonkho wa m'tsogolo, afunika zinthu zitatu. Akhale ndi TPIN yakeyake, nambala ya wokhoma msonkho, imene amapereka ulere mukapita ndi chiphaso cha unzika ku ofesi ya MRA kapena kudzera pa Msonkho Online. Akhale ndi chikalata cha withholding tax kuchokera kwa aliyense amene anamudula. Ndipo alembe return ya pa chaka yosonyeza zimene anapeza ndi zimene anawononga. Ndisakunamizeni, kubweza ndalama kumatenga nthawi ndipo kumafuna kulondoloza. Koma K455,000 ndi matumba angati a feteleza? Ambiri amaisiya ndalamayi chifukwa choopa kuti akalembetsa TPIN ndiye kuti adziulula. M'bale wanga, anakudula kale. Chimene ukubisa n'chiyani?

Pa chikalatacho ndiimepo pang'ono. Muzichipempha tsiku lomwelo lolandira ndalama, osadikira kuti chaka chithe. Mapulojekiti amatha, maofesi amatsekedwa, akauntanti amasamuka. Ndipo wina akakudulani 20 peresenti n'kumazemba kukupatsani chikalata, pamenepo ndiye mungayambe kukayikira ngati ndalamayo inafikadi ku boma. Malisiti a zimene mwagula muziwajambula pa foni nthawi yomweyo, paja a m'mashopu ambiri amafufutika miyezi iwiri isanathe. Koma zikhale za ntchito zenizeni. Chitenje cha Eid sichilowa m'gulu limeneli.

Kwa amene ali pa ntchito komanso ali ndi geni yapambali, masamu amatembenuka. Gawo losadulidwa msonkho lija ndi la munthu, ndipo limagwira kamodzi kokha. Mphunzitsi wa K400,000 uja analidya kale pa malipiro ake. Akapeza K600,000 ina pa chaka kuchokera ku maganyu, yonseyo imagwera pa 25 peresenti, msonkho wake K150,000. Ngati anamudula 20 peresenti, wapereka K120,000, ndiye kuti akadali ndi ngongole ya K30,000. Iyeyu sabwezeredwa, amawonjezera. N'chifukwa chake sibwino kungokopera zimene mnzako wachita.

Nanga ojambula ndi olemba amene makasitomala awo ali ku Johannesburg kapena ku London, ndalama n'kumabwera pa foni? Ntchitoyo mwaigwirira kuno, pa mpando wanu ku Kasungu, choncho msonkho wake ndi wa kuno. Kusiyana kwake n'koti palibe amene wakudulirani, udindo wonse uli pa inu. Lamulo lili ndi provisional tax, yomwe ndi kulipiriratu pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse potengera zimene mukuyembekezera kupeza. Njira yophweka ndi yopatula kagawo pa ndalama iliyonse ikangolowa. Kuno tikudziwa mmene ndalama ya nyengo imathera. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu April tauni yonse imasangalala, pofika January anthu omwewo akufunafuna wowabwereka. Ndalama ya freelancer ili chimodzimodzi.

Pali chizolowezi china chimene ndikuona kuti n'choopsa kuposa zonsezi: kubwerekana mapepala. Bungwe likufuna quotation yokhala ndi TPIN, iwe ulibe, ndiye wabwereka ya kampani ya mnzako n'kumupatsa kangachepe. N'chimodzimodzi ndi mnyamata amene amagulitsa mabelo ake pa laisensi ya amalume. Tsiku limenelo zimaoneka zanzeru. Koma msonkho umene wadulidwa walembedwa m'dzina la mwini mapepala, iwe sungaufunsenso. Mwini mapepala naye m'mabuku a MRA akuoneka kuti anapeza ndalama zimene sanazigwirepo, ndipo tsiku lina adzafunsidwa. Ubale umathera pamenepo. Komanso iwe ukugwira ntchito zaka zitatu, zinayi, osasiya mbiri iliyonse m'dzina lako. Tsiku limene udzafune tax clearance kuti upikisane nawo pa tenda, udzayamba ngati munthu amene sanagwirepo ntchito.

Ndikudziwa zimene ena mulembe m'munsimu: "Tikhomerenji msonkho pamene ndalama zake amaba?" Funso limeneli si lachibwana. Mbiri ya msonkho m'dziko muno ndi yowawa. Atsamunda anabweretsa msonkho wa nyumba kuti akakamize makolo athu kukagwira ntchito m'maesiteti, ndipo thangata anali chimodzi mwa zimene zinakwiyitsa John Chilembwe mpaka kuukira mu 1915. Ife tomwe tinamva za Cashgate mu 2013, ndalama za boma zikutuluka ku Capital Hill popanda ntchito yogwirika. Mkwiyowo ndi womveka. Koma taonani amene akupwetekeka mukakana kulembetsa. Wakuba uja sakumva kanthu. Amene wasiya K455,000 yake ndi mlongo wathu. Ndipo munthu amene ali ndi mapepala osonyeza zimene anapereka amakhala ndi pakamwa pofunsa khansala kapena phungu za mankhwala a pachipatala.

Funso lina limene limabwera kawirikawiri kwa ife Asilamu ndi loti, ngati boma landidula kale, kodi zakaat ndiperekenso? Maulama ambiri amati inde, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zakaat ndi ibada, ili ndi niya yake, ndipo oyenera kulandira ndi magulu asanu ndi atatu otchulidwa mu Surah At-Tawbah, ndime 60. Imawerengedwa pa 2.5 peresenti ya chuma chimene chafika pa nisab n'kukhala chaka chathunthu cha mwezi. Msonkho umawerengedwa pa zimene mwapeza, zakaat pa zimene mwasunga. Choncho munthu akhoza kudulidwa PAYE chaka chonse koma osafika poyenera kupereka zakaat chifukwa palibe chimene chatsala. Za ndalama imene mukudikira kuti MRA ikubwezereni, ngati iwerengedwe chaka chino kapena ikadzafika m'manja, afunseni a Sheikh a pa mzikiti wanu. Chimene sichifuna kufunsa ndi lisiti yabodza. Kugula malisiti kuti phindu lioneke lochepa ndi bodza, ngakhale wonamizidwayo ndi boma. Kupereka kangachepe kuti fayilo yanu iyende msanga ndi chiphuphu.

Za masiku: kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Return imayenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chanu cha msonkho chitatha, ndiye ngati chatha mu March, malire ake ndi chakumapeto kwa September. Kuchedwa kuli ndi chindapusa. Amene muli ndi maganyu amene munadulidwa chaka chino, tsegulani mauthenga a ku banki, lembani mayina a onse amene anakudulani ndi ndalama zake, ndipo sabata ino muyambe kuwaimbira kufunsa zikalata zanu. Sabata yamawa inshaAllah tidzaona mmene invoice imalembedwera kuti muzidziwiratu ndalama imene ilowe m'manja musanavomere ntchito.