Usapereke pasipoti yako kuti akakudindire

Ngati ukukonzekera ulendo wa ku Joni, kapena uli kale komweko ndipo masiku akukuthera, khala pansi undimvere, m'bale wanga. Mmalawi akafika pachipata cha Beitbridge ndi pasipoti yake safunsidwa viza. Amamudindira masiku osapitirira 30, ngati mlendo wodzacheza. Mlendo, osati wantchito. Tonse tikudziwa kuti ambiri odzaza mabasi aja, odutsa pa Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda, sapitira kucheza ayi. Sindikuwaweruza, chifukwa chimene chimawachotsa pakhomo ndimachidziwa. Koma ndikufunse: tsiku la 31 likadzakwana, udzatani? Ambiri funso limeneli saliganizira ali kumudzi. Amakalikumbukira ali kale mkati, ndalama ya basi yobwerera atadyera, ndipo wowapatsa yankho amakhala munthu amene amadyera pa mantha awo omwewo.

Pali mnyamata wina wa kwathu kunyanja, dzina ndisunga. Anapeza ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ku Johannesburg sabata yachitatu atafika. Masiku atatsala ochepa, anzake ogona nawo chipinda chimodzi anamuonetsa njira yomwe iwo ankayendera: pali thiransipota amene amatolera mapasipoti mwezi ndi mwezi, umamupatsa ndi kangachepe, iye amapita nawo kumalire, ndipo pobwera mumakhala muli zidindo ziwiri, chotuluka ndi cholowa. Mnyamatayo anapereka. Pasipoti inabwera yodinda bwinobwino, mtima unakhala pansi, ndipo anachita zimenezi kwa nthawi yaitali, akutumiza ndalama kumudzi, malata akukwera pa nyumba ya mayi ake.

Kenaka kunabwera lamya ya maliro. Anakwera basi usiku womwewo. Pa Beitbridge wantchito wa pachipata anaika pasipoti ija pa makina, nayang'ana pa kompyuta, nayang'ananso masamba odzaza zidindo aja. Kompyuta inkadziwa ulendo umodzi wokha: tsiku limene analowa koyamba. Anamuuza kuti aime pambali. Basi inanyamuka ndi katundu wake, iye n'kutsala. Anagona m'chitokosi cha apolisi, anakaonekera kukhoti, ndipo pomaliza anakapezeka ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Anafika kumudzi manda atamera kale udzu.

Tsono tiye tibwerere pomwe zinalakwikira, chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi amati anachita tsoka. Silinali tsoka. Analakwitsa madzulo aja pamene anatulutsa pasipoti pansi pa matiresi n'kuipereka m'manja mwa munthu wina.

Taganiza zimene anali nazo m'manja nthawi imeneyo. Malamulo a dziko la South Africa oona za alendo anasintha mu Meyi 2014. Kale wopitiriza masiku ankalipira chindapusa nkhani n'kutha. Kuyambira nthawi imeneyo, ukamatuluka utapitiriza masiku, amakulemba kuti ndiwe munthu wosafunika m'dzikomo. Ukapitiriza ndi masiku osaposa 30, amakuletsa kulowanso kwa miyezi 12. Ukabwereza mlandu womwewo pasanathe miyezi 24, ndi zaka 2. Ukapitiriza ndi masiku oposa 30, ndi zaka 5. N'zowawa, sindikukana. Zaka 5 kwa munthu amene banja lonse likudalira marandi ake ndi nthawi yaitali. Koma chiletso chimenechi chili ndi tsiku lake lothera, ndipo chili ndi khomo lodandaulira.

Chidindo chabodza ndi nyama ina. Lamulo lomwelo la alendo, lomwe linakhazikitsidwa mu 2002, lili ndi gulu lachiwiri, la anthu oletsedweratu, ndipo m'gulu limeneli mumalowa aliyense wopezeka ndi viza, pemiti, pasipoti kapena chitupa chachinyengo. Mumalowanso munthu amene anabwezedwapo kwawo ndi boma. Chiletso ichi sichitha chokha ndi kupita kwa zaka. Chimakhalapo mpaka mkulu wa nthambi ya boma ya Home Affairs atavomera kuchichotsa, ndipo kuti avomere pamafunika zifukwa zomveka. Waiona nkhaniyo? Mnyamata uja ankalipira ndalama mwezi ndi mwezi pogula mlandu waukulu kuposa umene ankauthawa.

Anzako adzakuuza kuti, "Ifetu tayendera zomwezi zaka zonsezi, palibe chatichitikira." Afunse kuti anabwererako liti kumudzi kudzera pachipata. Ambiri adzakhala chete. Chidindo chija chimagwira ntchito pamaso pa wapolisi wa mumsewu amene wangovundukula masamba mwachangu. Tsiku loti chiyesedwe ndi makina ndi tsiku limene ukufunitsitsa kufika kwanu, ndipo tsiku lotero nthawi zambiri limakhala la matenda kapena la maliro, pamene ulibe mpata wodikira. Ena amati chidindo cha thiransipota wawo n'chenicheni chifukwa ali ndi munthu wake mkati. Ukudziwa bwanji? Unaliko? Ndipo chikhale chenicheni, chikunenabe bodza: chikuti unatuluka m'dziko tsiku limene iwe unali kuthirira maluwa kwa abwana. Wantchito wolandira ziphuphu uja akadzagwidwa, adzayamba kufufuza mapasipoti onse amene anadutsa m'manja mwake.

Pali zizindikiro zimene uyenera kuchita nazo mantha ukangoziona. Munthu akakuuza kuti nkhani ya mapepala itheka iwe osaonekera pamaso pa wantchito wa boma, thawa. Akafuna ndalama pamanja popanda lisiti, akakana kukuuza ofesi imene akupita, akamakufulumizitsa kuti upereke lero lomwe chifukwa galimoto inyamuka usiku, dziwa kuti wakuona kuti uli pa mantha. Wina adzakugulitsa pemiti yogwirira ntchito yomata kale m'pasipoti, pamene munthu wolowa ngati mlendo saloledwa kusinthira ku viza ya ntchito ali mkati mwa dzikolo, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa kwambiri. Viza ya ntchito imapemphedwa uli kwanu, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Pempho loonjezera masiku ocheza limadzera ku maofesi a VFS Global, ndipo umapempha masikuwo asanathe, osati atatha. Winanso adzakunong'oneza za pepala la asayilamu, kuti ukaname kuti ukuthawa nkhondo. Nkhondo yake iti? Bodza lotero limakutsekera pakati: wauza boma la eni kuti ukuopa dziko lako, ndiye mawa ukadwala udzapita bwanji kukagogoda kwa kazembe wa dziko lomwelo?

Chizindikiro china chili mwa iwe mwini. Ukayamba kusintha njira ukaona galimoto ya apolisi, ukamapirira matenda kuopa kuchipatala, abwana akamakudula malipiro iwe osayankha chifukwa akudziwa kuti ulibe mapepala, zindikira kuti walowa kale m'khola. Abwana kapena thiransipota akakuuza kuti akusungire pasipoti, usalole. Pasipoti ikakhala m'thumba la wina, ndiye kuti miyendo yakonso ili momwemo.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhani ya mnyamata uja n'chakuti nthawi yonseyo sanapondeko ku ofesi ya kazembe. Ankaopa kuti akakangodziulula, akamupereka kwa apolisi. Mantha amenewa ali ndi Amalawi ambiri, ndipo ndi amene amalemeretsa madobadoba. Malawi ali ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria, ndi ofesi ina yothandiza nzika zake ku Johannesburg. Ntchito yawo si kugwira anthu opitiriza masiku. Ndi ofesi yako, ya dziko lako. Safunsa anadya phula.

Komabe ndisakunamize, chifukwa ena amapita kumeneko ndi chiyembekezo cholakwika n'kubwerako akutukwana. Kazembe sangafufute masiku amene wapitiriza. Sangakuonjezere masiku, sangachotse chiletso, sangalamule khoti kapena apolisi a eni dziko kuti akumasule. Zimenezo zili m'manja mwa boma la South Africa. Usayembekezenso kuti akakugulira tikiti. N'zoona kuti boma linatumizapo mabasi kukatenga anthu, monga mu 2015 pamene alendo ankachitidwa chipongwe ku Durban, koma imeneyo inali ngozi yokhudza khamu la anthu, osati njira ya tsiku ndi tsiku. Ndalama ya ulendo wobwerera uzisunga wekha, padera, osaikhudza ngakhale kumudzi alire bwanji.

Zimene kazembe angachite ndi izi, ndipo si zazing'ono. Ngati pasipoti yako inatayika, inabedwa, inatha ntchito kapena yagwidwa ngati umboni kukhoti, iwo ndi amene amatsimikiza kuti ndiwe Mmalawi n'kukupatsa chikalata chongoyendera ulendo wobwerera kwanu. Popanda chikalata chimenechi sungadutse Zimbabwe ndi Mozambique mwalamulo, ndipo ngakhale uli ku Lindela sangakutumize kwanu mpaka dziko lako litakuvomereza. Apa m'pamene anthu ambiri amachedwera: alibe chilichonse choonetsa kuti iwo ndi yani. Chitupa cha unzika chimene tinayamba kulandira mu 2017 anachisiya kumudzi, nambala ya pasipoti saikumbukira, ena anapereka dzina labodza pomangidwa poganiza kuti akuchenjera. Dzina labodza limangokutalikitsira masiku m'ndende, chifukwa kazembe sangavomereze munthu amene kulibe. Ngati uli ndi mwana wobadwira konko, sunga mapepala onse a kuchipatala ndi a kubadwa kwake. Kubadwira ku Joni sikumupanga kukhala nzika ya kumeneko, ndipo naye adzafuna chikalata kuti awoloke malire.

Yang'ananso tsiku lothera pasipoti yako nthawi ikadalipo. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti kuno kwathu inaima kwa masabata ambiri makina a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko atasokonezeka. Amene ankadikira kuti adzakonza nkhaniyi sabata yomaliza anaona zakuda.

Nanga ngati wapitiriza kale masiku? Usaonjezere chinyengo pamwamba pa mlanduwo. Kukhala m'dzikomo popanda chilolezo ndi mlandu woti utha kukulowetsa m'ndende mpaka zaka 2, choncho tsiku lililonse limene ukuzengereza ukuyenda pa mpeni. Pita ku ofesi ya kazembe kapena imba lamya, unene zoona zake, ufunse kuti ungatuluke bwanji. Funsanso a Lawyers for Human Rights kapena a Legal Aid South Africa, amene amathandiza osauka pa nkhani za malamulo. Kutuluka wekha pachipata n'kulandira chiletso cha zaka zowerengeka n'kosiyana kutali ndi kugwidwa mumsewu n'kubwezedwa ndi boma. Pepala la chiletso limene angakupatse pachipata usalitaye chifukwa cha mkwiyo. Ngati unapitiriza masiku pa chifukwa chenicheni, monga kugonekedwa m'chipatala, utha kulembera a Home Affairs kudandaula, ndipo adzafuna pepala limenelo, masamba a pasipoti ndi kalata ya adokotala. Umboni wotero umatoleredwa ukadali komweko. Ukafika ku Mzimba kapena ku Mangochi sudzaupezanso.

Ndipo zikavuta n'kumangidwa, gwira mfundo ziwiri. Yoyamba, uza apolisi kuti ukufuna ofesi ya kazembe wa Malawi idziwitsidwe. Si kupempha chifundo kumeneko. Pangano la maiko la ku Vienna la mu 1963 limapereka ufulu umenewu kwa mlendo aliyense womangidwa, koma umagwira ntchito iwe ukaupempha ndi pakamwa pako. Yachiwiri, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula mu 2017 kuti munthu wogwidwa kuti abwezedwe kwawo ayenera kuonekera pamaso pa khoti pasanathe maola 48, ndipo lamulo sililola kumusunga kupitirira masiku 120 podikira ulendo. Masiku akapitirira, abale ako akauze maloya aja. Usasayine pepala limene sunalimvetse, pempha wokumasulira.

Inu otsala kumudzi, nanunso nkhaniyi ndi yanu. Mwana asananyamuke, jambulani tsamba la pasipoti yake ndi chitupa chake, musunge. Dziwani dera limene akukhala ndi nambala ya mnzake mmodzi wodalirika. Akasowa kapena mukamva kuti wagwidwa, pitani ndi mapepala amenewo ku unduna woona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena ku Capital Hill, kapena lumikizanani ndi ofesi za ku Pretoria ndi ku Johannesburg. Mukalandira lamya ya munthu wosamudziwa wonena kuti mutumize ndalama msangamsanga kuti akamutulutse ku Lindela, musagulitse mbuzi. Yambani mwamva mawu a mwana wanuyo, ndipo mufunse ku ofesi ya kazembe ngati dzina lake lilidi pa mndandanda wa osungidwa kumeneko.