Chidulo, therere ndi pepala lomwe latha zaka 1,200

Siyani nyuzipepala pawindo kwa miyezi iwiri, muipeza yachikasu, ikungong'ambika yokha. Koma mu 1966, pa kachisi wa Bulguksa ku Korea, anthu anapeza mpukutu wa pepala losindikizidwa m'zaka za m'ma 700, zilembo zake zikuwerengekabe. Pepala lotere amalitcha hanji, ndipo amalipanga pamanja kuchokera ku khungwa la mtengo wa dak, wachibale wa mabulosi athuwa.

Zikusiyana pati? Inu a ku Thyolo mumaidziwa bulugamu ya m'maesiteti, yomwe nkhuni zake amaumitsira tiyi kufakitale. M'maiko ena, monga Brazil, mtengo womwewu amapangira mapepala. Ulusi wake ndi waufupi, pafupifupi milimita imodzi basi. Ulusi wa m'khungwa la dak ndi wautali kangapo, choncho umapiringizana ngati luzi, pepala n'kulimba.

Nanga chikasu chija? Chimabwera ndi lignin, guluu wachilengedwe womata ulusi wa mtengo. Mu nyuzipepala amamusiya momwemo, ndiye akakumana ndi dzuwa ndi mpweya amasintha mtundu.

Apa ndiye pokoma. Akolowola khungwa lamkati, anthu a ku Korea amaliwiritsa m'madzi osefedwa kuchokera ku phulusa. Si chidulo chimenecho? Ndi alkali, ndipo ntchito yake ndi yomwe imachitika mumphika wa amayi: kufewetsa. Chimasungunula zomata, cellulose n'kutsala osavulala, komanso pepala silikhala ndi asidi woliwononga pang'onopang'ono. Kenako amatsuka, n'kusinja mpaka ulusi utalekana.

Koma ulusi wautali uli ndi vuto: m'madzi umagwirana, n'kuchita mibulu. Mankhwala ake? Madzi onanda ochokera ku mizu ya chomera cha mtundu umodzi ndi therere lobala. Kunandako kumalekanitsa ulusi ndi kuchedwetsa madzi kudutsa pa sefa ya nsungwi, mpaka wopanga ayale ulusiwo mofanana. Enanu mumanyoza therere pa nsima, taonani!

Mutha kuyesa. Dulani nthambi zanthete za mabulosi a pakhomo, osati mitengo ya esiteti, alonda angakugwireni. Palani khungu lakunja, wiritsani lamkatilo m'chidulo mpaka lizinyenyeka ndi zala, tsukani, sinjani, sakanizani ndi madzi a therere, tungani ndi sefa ya ufa, yanikani pathabwa. Chidulo chokhathamira chimayabwa pakhungu, ndiye samalani maso ndi manja. Pepala loyamba lidzatuluka lokhuthala ngati katoni. Lachiwiri chepetsani ulusi m'madzimo.