PHUNZIRO 12: MAKALA NDI MADZI AKUMWA

Anzathu, makala tonse timawadziwa. Timaphikira, ndipo timaotha m'mwezi wa Juni mphepo ikamawomba kuno ku Ntengo-Wambalame. Lero tiphunzira ntchito ina ya makala: kugwira poizoni m'madzi.

Poizoniyo amachokera kuti? Ku fakitale, popanga matiresi a siponji, mawayilesi ndi nthambo za magetsi, ankathira mankhwala oti zinthuzo zisamayake msanga. Ena mwa mankhwalawa amatchedwa PBDE. Saola msanga. Tikatentha matiresi akutha kudzala, amatsalira m'phulusa ndi m'fumbi. Mvula imawakokolola kupita kudimba ndi kuchitsime. Akalowa m'thupi amakhazikika m'mafuta, mpaka kufika mu mkaka umene mwana amayamwa. Mu 2009 maiko a m'Pangano la Stockholm adaletsa mitundu ina ya PBDE, mu 2017 nkuletsanso wina. Koma katundu wakale akadali m'nyumba zathu.

Kuwiritsa madzi kumapha tizirombo ta kolera. Tisaleke. Koma mankhwalawa safa, chifukwa si amoyo.

Tsono tithyole khala limodzi, tiliyang'anitsitse. Lili ndi timaboo tambirimbiri. Madzi akamadutsamo, mankhwala amakakamira m'timaboomo monga chisoso chimakakamira pa chitenje. Makala a ku fakitale amawatenthanso ndi nthunzi kuti timaboo tichuluke. Timaboo ta galamu imodzi titayalidwa ngati mphasa tingaphimbe masikweya mita oposa 500.

Onani pensulo imene mwagwirayo. Mtima wake wakudawo ndi pachibale ndi makala: zonse ndi kaboni. Mu 2004, ku Manchester, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov adasenda kaboni wotere ndi tepi yomata, mpaka padatsala kachikopa kopyapyala kotheratu. Dzina lake graphene. Mu 1991 Sumio Iijima wa ku Japan adafotokoza za timachubu ta kaboni, tochepa kuposa tsitsi kambirimbiri. Akatswiri apeza kuti tinthu timeneti timagwira mankhwala otere mwamphamvu. Koma ndi todula, ndipo ntchito yambiri ikadali yoyesera. Ku msika wa Lizulu simukatipeza!

Makala athu a pambaula ali ndi timaboo tochepa. Amachepetsa fungo, koma tisanamizane kuti amachotsa poizoni yense. Chotithandiza nchakuti PBDE amakonda kumatirira ku matope. Choncho madzi tiziyamba tawasiya m'ndowa kuti adikhe. Kenaka tiwasefe m'chigubu chobooledwa pansi: timiyala pansi, makala osinja ndi otsukidwa pakati, mchenga pamwamba. Tikatero tiwawiritse. Makala akakhalitsa amakhuta, tiziwasintha.

Ndipo dzala likhale kutali ndi chitsime, kumunsi kwake.

TIWERENGE
makala, madzi, dzala, sefa, chitsime

TIKAMBIRANE
1. Kodi m'mudzi mwathu zinyalala timatenthera kuti?
2. Mvula ikagwa, madzi a pamenepo amatsikira kuti?
3. Ndani amatunga kumeneko?