Chakale Tichisunge Mpaka Liti? Phunziro Lochokera ku Python

Mapulogalamu a pakompyuta salankhulana mwachisawawa. Pamakhala dongosolo lonena mmene pulogalamu ingapemphere ntchito kwa inzake ndiponso yankho limene ingayembekezere. Dongosololi limatchedwa API. Tingaliyerekezere ndi soketi ya magetsi: wopanga ayironi sadziwa mmene mawaya anayendera m'nyumba mwathu, koma amadziwa maonekedwe a soketi. Soketi ikasintha, ayironi yabwinobwino imangokhala poteropo osagwira ntchito.

Mapulogalamu ambiri a open source, amene aliyense ali ndi ufulu woona mmene analembedwera ndi kuwasintha, amasamalidwa ndi anthu ongodzipereka. Anthuwa akakonza API yatsopano, pamabuka funso: yakale aitaye, kapena azisamala zonse ziwiri?

Zimene zinachitika

Python ndi chinenero cholembera mapulogalamu chimene anayambitsa Guido van Rossum. Mu Disembala 2008 kunatuluka Python 3, imene inasintha dala zinthu zina za mu Python 2. Mwachitsanzo, mu Python 2 tikalemba 7/2 yankho linali 3, koma mu Python 3 ndi 3.5. Apa kompyuta sichenjeza chilichonse. Imangopereka yankho lina. Pulogalamu yowerengera avereji ya malikisi ingathe kutulutsa zotsatira zosiyana, mphunzitsi osadziwa chifukwa chake.

Anthu ambiri sanasamuke msanga. Python 2.7 inatuluka mu 2010, ndipo poyamba anati adzasiya kuisamala mu 2015. Ataona kuti ambiri akuidalirabe, anawonjezera nthawi mpaka pa 1 Januwale 2020. Choncho mitundu iwiriyi inayendera limodzi zaka zoposa 11.

Mbali ziwiri za mkangano

Ofuna kusunga zakale ankati: pulogalamu yathu ikuyenda bwino, tiilemberenji kachiwiri? Kusamuka kumadya nthawi ndi ndalama, komanso zida zina zimene ankadalira zinali zisanakonzedwe kuti zigwirizane ndi Python 3.

Osamala mapulogalamuwo nawo anali ndi mfundo. Cholakwika chikapezeka, ankachikonza kawiri ndi kuyesa kawiri. Zinthu zatsopano za mu Python 3 sakanazigwiritsa ntchito momasuka, poopa kusiya anzawo m'mbuyo. Ndipo ambiri ntchitoyi ankaigwira popanda malipiro. N'chifukwa chake Django 2.0, yotuluka mu Disembala 2017, inasiyiratu Python 2.

Zimene tikuphunzirapo

Choyamba, kusunga chakale si kwaulere. Pali wina amene akusenza katunduyo, ngakhale sitikumuona. Choncho tisanadandaule, tidzifunse ngati tingathandizeko.

Chachiwiri, wosintha azimanga mlatho. Chida chotchedwa 2to3 chinkathandiza kusintha mapulogalamu akale, ndipo china chotchedwa six chinkalola pulogalamu imodzi kuyenda pa mitundu yonse iwiri.

Chachitatu, tsiku lomaliza lizilengezedwa kudakali nthawi, ndipo lizisungidwa. Popanda tsiku, ambirife timazengereza. Koma pulogalamu yosasamalidwa ndi yoopsa, chifukwa mipata yolowera akuba ikapezeka palibe woitseka.

Mafunso okambirana

1. Kodi anachita bwino kuwonjezera nthawi kuchokera 2015 kufika 2020, kapena zinangolimbikitsa kuzengereza?
2. Amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ali ndi ufulu wotani wouza osamala ake zochita?
3. Silabasi ikasintha ophunzira ena ali pakati pa maphunziro, tingawamangire mlatho wotani?